Insipekita wakana sola yanga chifukwa cha earth, ndithandizeni

Bambo a Tadala
Moni nonse, abale ndi alongo. Pepani, ndabwera ndi nkhani yaitali, koma kuyambira dzulo mtima wanga suli m'malo. Ena a inu mukudziwa kuti chaka chino ndinaganiza zoika sola padenga la nyumba yathu kuno ku America. Poti ntchito zamanja ndinakula nazo, ndinakatenga chilolezo chimene amapereka kwa mwini nyumba kuti agwire yekha ntchitoyo. Mapanelo alipo 24, ndipo pansi pa panelo iliyonse pali microinverter yakeyake, kabokosi kosintha magetsi a panelo (DC) kukhala a m'nyumba (AC), za kampani ya Enphase zija za IQ8+. Ndinawagawa pawiri, 12 uku 12 uko, gulu lililonse pa breaker ya 20 A. Mwezi wathunthu, Loweruka lililonse, ndakhala ndili padenga.

Dzulo kunabwera insipekita wa magetsi. Anakwera makwerero, nkusuzumira pansi pa mapanelo, nkutsika, nkundipatsa pepala loti ntchito sinadutse. Akuti njanji za aluminiyamu zimene mapanelo akhalapo zilibe waya wa earth wobwerera ku bokosi la magetsi la m'nyumba. Akutinso lug, kachitsulo kopanira waya kamene ndinamangira waya ku njanji, si ya panja. Pochoka anandifunsanso, pakamwa chabe, kuti waya wa mkuwa wosakutidwa wa 6 AWG (AWG ndi muyeso wa kuno wa kunenepa kwa waya, nambala ikachepa waya amanenepa) wodutsa pa microinverter iliyonse ali kuti, chifukwa iwo anazolowera kumuona.

Chimene chikundipweteka nchakuti earth ndinaika. Ndinakhoma ndodo ya mafiti 8 pakona ya nyumba, nkutsitsa waya kuchokera ku njanji mpaka pandodopo, monga timachitira kumudzi. Ndipo buku la Enphase likunena mosabisa kuti ma microinverter amenewa safuna waya wa earth. Ndiye ndalakwitsa pati? Akatswiri a magetsi muli muno, ndiunikireni.

aGama, Lilongwe
Pepani achimwene. Ine ndikudabwa nawo. Ndodo mwakhoma, waya mwamanga, akufunanso chiyani? Kapena nthaka ya kumeneko ndi youma? Kuno tikakhoma ndodo timathira makala ndi mchere m'dzenjemo, nkuthirira madzi kuti earth igwire bwino. Mwina anayeza nkupeza kuti ndodo yanu sikugwira.

Bambo a Tadala
Ayi aGama, ndodoyo sanayeze nkomwe. Anangoiyang'ana nkunena kuti imeneyo si imene akufuna.

Mphatso, Cape Town
Madala, musalimbane nawo. Ine ndaika sola kuno zaka zingapo, ndipo chimene ndaphunzira nchakuti wogwira cholembera ndiye mwini mawu. Akafuna waya pa microinverter iliyonse, gulani mpukutu, mudutse nawo paliponse, asayine, muyatse.

aJere, Texas
Bambo a Tadala, ndawerenga zonse. Ntchito ya magetsi ndaigwira kumudzi, ndaigwiranso kuno ndi layisensi, ndiye ndikuuzani mosapsatira. Pa mfundo ziwiri zolembedwa papepalazo insipekitayo akunena zoona, ndipo wakuchitirani chifundo. Pa yachitatu ija ya pakamwa, ndikuganiza kuti akukumbukira makina akale. Koma tiyambe ndi ndodo yanu, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepo.

Kwathu mawu oti earth timatchulira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nchifukwa chake ambiri timasokonezeka tikafika kuno. Buku la malamulo a magetsi la kuno, NEC, limazilekanitsa. Pali waya amene amalumikiza nyumba ku nthaka kudzera pa ndodo, amene amamutcha GEC. Palinso waya wina amene amalumikiza chitsulo chilichonse chimene munthu angachigwire, nkubwerera nacho ku bokosi lalikulu la magetsi. Ameneyo ndi EGC, wobiriwira uja kapena wosakutidwa. Inu munaika woyambayo, wachiwiri mulibe, ndipo wopulumutsa moyo padenga ndi wachiwiriyo.

Tiyerekeze gologolo watafuna waya wa AC pansi pa mapanelo, mkuwa wakhudza njanji. Kuno 240 V yathu ndi miyendo iwiri, uliwonse 120 V poyerekeza ndi nthaka. Ndiye njanji zonse ndi mafelemu a mapanelo zili ndi 120 V. Magetsiwo akufuna njira yobwerera kwawo ku transformer, ndipo njira yokhayo imene mwawapatsa ndi ya m'dothi. Tinene kuti ndodo yanu ndi yabwino, ikupereka 25 ohms, nambala imene NEC imatchula pa ndodo imodzi. Gawani 120 ndi 25, mupeza 4.8 A. Breaker yanu ndi ya 20 A. Igwa? Siigwa. Kwa iyo 4.8 A ndi ngati mwangoyatsa TV ndi mababu. Denga likhala ndi magetsi sabata, mwezi, mpaka tsiku limene mudzatsamiritse makwerero a aluminiyamu kuti muchotse masamba m'ngalande.

Koma pakakhala waya wa mkuwa wochoka ku njanji kubwerera ku bokosi, kumene earth ndi neutral zinalumikizidwa, magetsi amathamanga ochuluka zedi chifukwa njira ndi yosalala, ndipo breaker imagwa nthawi yomweyo. NEC inalemba izi pa 250.4(A)(5), kuti nthaka isawerengedwe ngati njira yodalirika yobwezera magetsi zinthu zikalakwika.

Bambo a Tadala
Amalume, ndawerenga katatu. Makwerero anga ndi a aluminiyamu ndithu, ndipo Tadala ndi amene amandigwirira pansi. Thupi lachita tsembwe. Koma nanga buku lija loti safuna earth, ndinawerenga molakwika?

Nabanda, Maryland
Achimwene, simunawerenge molakwika, koma munaimira pakati. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a sola amene amapita ku maofesi a zilolezo, ndiye funso limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri.

Buku likamati microinverter siifuna GEC kapena EGC, likukamba za kabokosi kaja kokha. Ma IQ ali m'gulu limene amati Class II, kutanthauza kuti magetsi a m'kati anatchingidwa kawiri, ndipo chikuto chake ndi pulasitiki yolimba, osati chitsulo. Nchifukwa chake Q Cable, chingwe cholumikiza ma microinverter, ili ndi mawaya awiri okha, a 12 AWG, wopanda wachitatu wa earth. Tsono taonani pamene pali msampha. Poti chingwecho chilibe earth, palibe chilichonse chimene chikukweza earth padenga ngati inu simunaikweze nokha. Mafelemu a mapanelo, njanji, paipi ya chitsulo, bokosi lolumikizira ngati lili lachitsulo, zonsezo ndime 690.43 ya NEC ikuti zilumikizidwe ku EGC. Buku la microinverter silingachotse lamulo limenelo, chifukwa njanji si zake.

Za waya wa 6 AWG pa kabokosi kalikonse, aJere anena bwino kuti insipekitayo akukumbukira zakale, ndipo sakupeka. Ma microinverter oyambirira a Enphase monga M190 anali a chitsulo, ndipo m'kati mwake mbali imodzi ya DC inkalumikizidwa ku earth. Choncho ankafuna GEC, ndipo GEC malinga ndi 250.64(C) sayenera kudulidwa panjira. Anthu ankakoka waya mmodzi wosaduka, kumupanikiza pa kachitsulo ka microinverter iliyonse, mzere wonse, mpaka pansi. Inali ntchito yotopetsa kwambiri. Pamene M250 inkatuluka mu 2013, DC inali italekanitsidwa ndi earth, ndipo waya wa earth anali m'kati mwa chingwe chake chotchedwa Engage. Kenako anabwera ma IQ osafunanso ngakhale ameneyo. Munthu amene anayamba kuyendera sola masiku a M190, maso ake amafunafuna mkuwa uja akangosuzumira pansi pa panelo. Ndi chizolowezi chobadwa m'kusamala.

Mphatso, Cape Town
Achemwali, ndiye bwanji osangowapatsa mkuwa wawowo? Waya wochuluka angaononge chiyani?

Nabanda, Maryland
Mphatso, mumumanga pati? Pa IQ palibe malo amene anakonzera waya wotere. Chitsulo chokhacho ndi kachogwirira kamene mumamangira bawuti ku njanji. Buku limanena kuti ngati oyendera afuna kuti kachogwirirako kalumikizidwe ku njanji, mugwiritse ntchito washala wa mano kapena zipangizo za earth zovomerezeka, basi. Mukayamba kuboola kapena kumata zinthu zanuzanu, mwaphwanya 110.3(B), ndime ya NEC imene ikuti chipangizo chiikidwe motsatira malangizo amene chinavomerezedwa nawo. Mutha kukondweretsa munthu mmodzi lero, nkudzavutika ndi walanti mawa.

Chinanso, waya wosakutidwa wa mkuwa akamayenda mwachisawawa pamwamba pa aluminiyamu, mvula ikagwa zitsulo ziwirizi zimadyana, ndipo yodyedwa ndi aluminiyamu. Ndiye waya wochuluka woikidwa mosaganiza amaononga ndithu.

aGama, Lilongwe
Ine ndikuphunzira. Koma amalume aJere, mukundisowetsa mtendere. Ndiye kuti ndodo zonse timakhoma kunozi ndi zopanda ntchito?

aJere, Texas
Ayi aGama, sindinatero. Ndodo ili ndi ntchito yake. Imathandiza pa mphenzi ndi pa magetsi okwera mwadzidzidzi, komanso imachititsa kuti nyumba ndi nthaka zikhale pa mlingo umodzi. Kuno nyumba zambiri zili nazo, nthawi zambiri ziwiri zotalikirana mafiti osachepera 6, chifukwa ukakhoma imodzi uyenera kusonyeza kuti ili pa 25 ohms kapena kutsika, ndipo ambiri amaona chapafupi kungokhoma yachiwiri.

Kumene earth ya nyumba imadalira ndodo yokha, chimene chimapulumutsa munthu ndi RCD, kachipangizo kaja kamene kamagwa kakangoona kuti magetsi ochepa kwambiri athawira kwina. Nyumba ikakhala ndi ndodo koma m'bokosi muli ma breaker wamba okhaokha, masamu ake ndi omwe aja. Kwanu ndi 230 V. Ndodo ikakhala pa 50 ohms, mupeza 4.6 A, ndipo breaker ya masoketi siingamve kanthu. Mukamamanga nyumba za anthu, RCD musamaisiye ngakhale mwini nyumba akulira za mtengo.

Mphatso, Cape Town
Zoona zimenezo. Kuno timati earth leakage, ya 30 mA, ndipo malamulo a mawaya a kuno, SANS 10142-1, amaifuna pa masoketi. Munthu wolembetsedwa akamabwera kudzapereka CoC, satifiketi yotsimikiza kuti mawaya ali bwino, amaiyeza ndithu kuti aone ngati ikugwa. Amayezanso ngati mafelemu a mapanelo alumikizidwa. Ndipo ku Cape Town kuno sola yolumikizana ndi magetsi a mzinda iyenera kulembetsedwa, inverter ikhale yokwaniritsa muyezo wa NRS 097-2-1. Ma microinverter sitiika kwambiri, chifukwa anthu ankafuna mabatire nthawi ya load shedding, ndipo microinverter wamba imazima magetsi a mumsewu akathima.

aGama, Lilongwe
Kunonso chimodzimodzi. Munthu amaika sola chifukwa cha kuthimathima, ndiye amafuna inverter ya batire. Microinverter ndinangoiona pa intaneti. Koma njanji ndi mafelemu ndi zomwezo, ndipo kunena zoona ndaona madenga ambiri pamene mapanelo angomangidwa ndi waya pamalata, opanda earth iliyonse.

Bambo a Tadala
Ndamva tsopano. Ndiye ndichite chiyani kwenikweni Loweruka likubwerali? Mundiuze ngati mwana wa sukulu, sindikhumudwa.

aJere, Texas
Choyamba gwetsani ma breaker awiri aja ndipo muyeze kuti mutsimikize kuti kulibe magetsi. Kenako tsegulani buku la njanji zanu, osati la microinverter. Fufuzani ngati zinavomerezedwa pa UL 2703, muyezo wa chitetezo wa njanji ndi zopanira mapanelo. Njanji zambiri za masiku ano zili choncho, ndipo tanthauzo lake nlakuti zopanira mapanelo zili ndi timano kapena timisomali timene timaboola khungu la aluminiyamu. Khungu limenelo, anodize ija, silidutsa magetsi. Panelo ikhoza kukhala pa njanji, kukhudzana bwinobwino ndi maso, koma osalumikizana. Timanoto tikaluma, felemu ndi njanji zimakhala chinthu chimodzi. Kale tinkaika mawashala a WEEB pansi pa felemu kuti achite ntchito yomweyo, ndipo amenewo akaluma kamodzi sagwiranso kawiri.

Bukulo likuuzani kuti lug ikhale pati ndiponso zingati. Pa njanji zambiri ndi imodzi pa mzere uliwonse wa mapanelo. Gulani lug ya kampani yomweyo, kapena ya mkuwa wokutidwa ndi tin yokhala ndi bawuti ya stainless, yolembedwa kuti ndi ya panja. Imene munaika inali yotani?

Bambo a Tadala
Inali ya aluminiyamu, ya m'bokosi la m'nyumba, inatsala pa ntchito ina. Ndinaimanga ndi screw yodziboolera yokha.

aJere, Texas
Ndiye nchifukwa chake anaikana. Imeneyo ikakumana ndi mvula ndi chipale zaka ziwiri, screw ichita dzimbiri, lug ituwa, waya angotsala lendee. Chotsani.

Waya wa padenga wosakhala m'paipi ikani 6 AWG wa mkuwa. Wocheperapo, ndime 250.120(C) ikufuna atetezedwe, ndipo simukufuna kukangana ndi munthu za tanthauzo la kutetezedwa. Kwa a kumudzi, 6 AWG ndi pafupifupi 13 mm². Achoke pa lug ya mzere woyamba, adutse pa ya wachiwiri, alowe m'bokosi lolumikizira, ndipo panjira asagone pa aluminiyamu. Kuchokera m'bokosimo, waya wobiriwira atsike m'paipi imodzi ndi mawaya a magetsi mpaka pa earth bar, pomangira mawaya a earth m'bokosi lalikulu. Asayende njira yakeyake kunja kwa paipi. Pa breaker ya 20 A, tebulo 250.122 likulola 12 AWG, koma ine ndimakoka 10 AWG, makamaka ngati mawaya a magetsiwo munawakulitsa chifukwa cha mtunda, poti zikatero wa earth nayenso ayenera kukula.

Mabawuti onse mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, pa nambala ya m'buku. Dzanja limanama.

Nabanda, Maryland
Ndionjezere ziwiri zimene zimagwetsa anthu ulendo wachiwiri. Polumikizira njanji ziwiri, onani ngati cholumikiziracho chimadutsitsa earth chokha kapena chikufuna waya wodumpha. Zina zimatero, zina ayi, makamaka pamene mwasiya mpata woti aluminiyamu ifutukuke ikatentha. Chachiwiri, m'buku la njanji muli mndandanda wa mapanelo amene anayesedwa nazo. Pezani dzina ndi nambala ya panelo yanu pamenepo, muzunguze ndi cholembera.

Funso linanso, achimwene. Zopanira zonse ndi za kampani imodzi?

Bambo a Tadala
Mwandigwira, achemwali. Zinandithera zisanu ndi chimodzi pa mzere wa pamwamba, ndiye ndinaitanitsa zina zotsika mtengo pa intaneti. Zikuoneka zofanana.

Nabanda, Maryland
Masulani chimodzi muyang'ane kunsi kwake. Ngati chilibe mano, mapanelo amenewo akuyandama, salumikizidwa ku kanthu. Ngakhale chitakhala ndi mano, chivomerezo cha UL 2703 ndi cha zipangizo zoyesedwa pamodzi, ndiye chopanira chachilendo chimachotsa chivomerezocho pa mzere umenewo. Zisintheni zonse zisanu ndi chimodzi. Insipekita sanazione, koma zilipo.

Mayi a Tadala
Moni nonse. Ine ndimangowerenga, za magetsi sindizidziwa. Pempho langa ndi limodzi, amalume aJere, muwauze bambowa kuti avale lamba wa padenga. Anagula, koma akuti amawachedwetsa. M'mawa denga limakhala ndi mame oundana masiku ano.

aJere, Texas
Mayi, mwachita bwino kunena. Bambo a Tadala, ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata amene anagwa padenga la nyumba yopanda nsanjika, ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo. Lambayo muvale, chingwe mumange pa anchor yokhomeredwa mu mtanda, ndipo mudikire dzuwa liumitse denga. Ndikukupemphani monga mkulu wanu.

Bambo a Tadala
Ndamva, amalume. Ndivala. Nanga ndodo yanga ya pakona ija, ndiisiye kapena ndizule?

aJere, Texas
Ine ndingadule waya wake.

Nabanda, Maryland
Apa ndisiyana nanu pang'ono, amalume. Lamulo silikuletsa. Nkhani ya ndodo yoonjezera ya mapanelo yakhala ikulowa nkutuluka m'buku la NEC. Mu 2008 inalowa ngati 690.47(D), mu 2011 anaichotsa, mu 2014 inabwereranso, ndipo kuyambira 2017 anangoti ndi yololedwa, osati yokakamiza. NEC imatuluka yatsopano zaka zitatu zilizonse, koma dera lililonse limasankha lokha kuti litsatira ya chaka chiti, ndipo ena amaonjezera zawozawo. Ndiye musanazule kanthu, imbani ku ofesi mufunse chaka chimene akugwiritsa ntchito. Ngati ali pa 2014, mwina aifuna. Ngati ali pa 2017 kapena mtsogolo, nyumba ikakhala ndi ndodo zake kale ndipo EGC yafika, zakwana, ndipo yoonjezerayo ili kwa inu.

aJere, Texas
Za lamulo mwanena zoona, mwana wanga, sinditsutsa. Ine ndikukamba za mphenzi. Ikagwa pa mtengo wa pafupi, nthaka simakwera mofanana paliponse. Ndodo ya pakona ikhoza kukhala pa mlingo wina, ndodo za pa mita pa mlingo winanso, kwa kanthawi kochepa zedi. Tsono mukalumikiza EGC, ndodo ziwirizi zikhala zitagwirana kudzera padenga ndi m'paipi yodutsa m'nyumba. Magetsi a mphenzi alowa pa ndodo imodzi, akwera padenga, atsika m'nyumba, atulukira pa inayo. Mwawatsegulira njira imene kunalibe. Ngati akufuna kuisunga, akumbe ngalande, akoke mkuwa pansi kuchokera pandodopo mpaka pa ndodo za nyumba, kuti njira yachidule ikhale ya kunja.

aGama, Lilongwe
Apa pokha amalume zikundivuta kuvomera. Inu mukudziwa mphenzi za kuno mu Januwale. Ine ndaona ma inverter opsa, ndipo nthawi zambiri ndi kumene mapanelo analibe njira yachindunji yopita pansi. Mtima wanga sungalole kusiya chitsulo pamwamba pa nyumba chopanda ndodo yake.

aJere, Texas
Ndikukumvetsani aGama, ndipo kumene mapanelo ali patali ndi nyumba, pa chimango chawochawo, ndodo ndimakhoma nanenso. Koma waya mmodzi wotsika pakhoma sangateteze nyumba ku mphenzi yogwa padenga penipeni. Chitetezo chotero ndi ntchito ina, kuno ili ndi buku lake, NFPA 780. Zimene zimapsereza zipangizo kawirikawiri ndi magetsi okwera obwera m'mawaya, ndipo mankhwala ake ndi surge protector pa bokosi. NEC ya 2020 inafika poikakamiza pa 230.67 pa nyumba zokhalamo anthu, pomanga yatsopano kapena posintha bokosi lalikulu. Inu mukakhoma ndodo ya mapanelo, ilumikizeni ndi earth ya nyumba pansi, zikhale banja limodzi. Pamenepo ndiye tigwirizane.

aGama, Lilongwe
Kulumikiza pansi ndavomera. Kusiya kukhoma ayi.

Mphatso, Cape Town
Tabwerani ku funso la mkuwa pa microinverter iliyonse. Madalawa akakonza zonsezi, insipekita nkubwera nkunenabe kuti ndikufuna waya wanga uja, atani?

Nabanda, Maryland
Asadikire tsikulo. Achimwene, lembani imelo lero, yaifupi, yaulemu. Muthokoze chifukwa cha mfundo ziwiri zija, munene mmene mukonzere. Kenako munene kuti pa funso la GEC mwaphatikiza tsamba la buku la Enphase pamene akunena za Class II, pepala la IQ8+ losonyeza chivomerezo cha UL 1741, ndi tsamba la buku la njanji losonyeza malo a lug. Mufunse ngati pali ndime ya NEC kapena lamulo la m'deralo limene iwo akuona kuti likufuna zoposa apa, kuti mulitsatire. Kufunsa ndime si chipongwe mukafunsa ndi mtima wofuna kumva, ndipo nthawi zina amakhala nalodi lamulo la kwawo limene inu simukulidziwa.

Kumbukiraninso kuti 90.4 imapereka mphamvu yotanthauzira malamulo kwa iwowo. Ndiye musapite ngati wokapambana mlandu. Ambiri mwa anthuwa amayendera nyumba zambirimbiri pa tsiku, lero thanki yotenthetsera madzi, mawa jenereta, ndipo sangasunge m'mutu buku la chipangizo chilichonse. Mukawaikira tsamba m'manja mwawapeputsira ntchito, chifukwa nawonso amafuna pokhazikira siginecha yawo. Pulani yanu yojambula nayonso muikonze, EGC ioneke ndi kukula kwake, kuti pepala ndi denga zinene chimodzi.

Bambo a Tadala
Zikomo nonse. Ndaimba, akuti ali pa NEC ya 2020. Imelo ndatumiza monga mwa malangizo a achemwali. Ndaitanitsa ma lug awiri, zopanira zisanu ndi chimodzi ndi waya. Ndidzakuuzani.

Bambo a Tadala
Abale, ndabweranso. Loweruka ndinagwira ntchito kuyambira 10 koloko, lamba ndili naye m'chiuno, mayi a Tadala akuchitira umboni. Zopanira zotsika mtengo zija kunsi kwake kunali kosalala, kopanda dzino ngakhale limodzi. Ndisanazichotse ndinayeza ndi mita pakati pa felemu ndi njanji, ndikuboola pang'ono khungu lija ndi nsonga. Pa mapanelo awiri mita sinalire nkomwe. Nditasintha nkumanga ndi torque wrench, yonse inalira. Ndinayezanso kuchokera pa njanji ya kutali kwambiri mpaka pa earth bar ndi waya wautali, zikugwirana.

Insipekita anayankha imelo Lolemba. Anati awerenga masambawo ndipo GEC pa microinverter siikufunika, koma akufuna kudzaona ma lug ndi maso, ndiye ndisiye panelo ya kumapeto kwa mzere uliwonse yoti athe kusuzumira. Lero abwera, akwera, agwedeza waya pa lug iliyonse, atsegula bokosi la padenga, atsatira wobiriwira uja mpaka pansi. Asayina. Anapemphanso kuti atenge mapepala ndinasindikiza aja akaonetse anzawo ku ofesi.

Ndodo ya pakona ndinadula waya wake. aGama mundikhululukire. Kukumba ngalande kuzungulira nyumba nthaka itayamba kuuma ndi chisanu sindikanatha. Surge protector ndaika.

aGama, Lilongwe
Palibe chokhululukira achimwene, nyumba ndi yanu ndipo mwachita mwadongosolo. Tathokoza Mulungu kuti zadutsa. Ine sabata ino ndabwerera ku nyumba ina imene ndinaikako sola chaka chatha, ndakayeza mafelemu monga munachitiramo. Atatu mwa asanu ndi atatu sanali kugwirana ndi njanji. Amalume aJere, mawashala a mano aja a stainless, wina akamabwera kumudzi mu Disembala munganditumizireko paketi? Ndalama ndipereka kwa achibale anu kuno.

aJere, Texas
Nditumiza, ndi ma lug omwe. Mundilembere kumbali kukula kwa mabawuti amene mumagwiritsa ntchito, M6 kapena M8, chifukwa kuno zambiri ndi za mainchesi ndipo sindikufuna kukutumizirani zosalowa.

Nabanda, Maryland
Achimwene a Tadala, musayatse kaye. Siginecha ya insipekita ipite ku kampani ya magetsi, mudikire kalata yawo yokulolani kulumikiza. Ena amabwera kudzasintha mita kaye.

Bambo a Tadala
Ndatumiza kale masana ano, achemwali. Ma breaker awiri aja ali pansi, ndamatapo tepi yofiira kuti Tadala asawakweze.